Dziko laling'ono m'mabungwe a mayiko: kupita kukadya nawo kapena kukadyedwa?

Mphunzitsi_wa_Mbiri
Moni nonse pagulu pano. Ana anga a kalabu ya mtsutso apatsidwa mutu wakuti "dziko laling'ono lisamalowe m'mabungwe a ndale ndi a zachuma a mayiko", ndipo agwera mbali yovomereza mutuwo. Poyamba ndinawamvera chisoni kuti apatsidwa mbali yofooka. Koma pamene ndikuwathandiza kukonzekera, ndayamba kukayika ndine. Dziko la anthu ochepa limasonkha ndalama za umembala chaka ndi chaka, limatumiza nthumwi kumisonkhano, limasaina mapangano omwe silinalembe nawo, kenako zinthu zikavuta akuluakulu amangochita zofuna zawo. Phindu lake lili pati? Ndithandizeni mbali zonse ziwiri, chonde.

Chiphaliwali77
Phindu lilipo ndithu, koma la nduna ndi nthumwi. Ndege, hotela, ma alawansi. Anawo auzeni zimenezo apambana.

NaPhiri_J
Achimwene mwayamba kale kutaya nkhani. Aphunzitsi, yambani ndi UN. Mayiko alimo 193, ndipo mu msonkhano waukulu dziko lililonse lili ndi voti imodzi. Tuvalu, yomwe anthu ake sakwana 12,000, inalowa mu 2000, ndipo voti yake ndi yofanana ndi ya India. Kunja kwa bwalo limenelo, ndi kuti kwina kumene Tuvalu ingaimirire n'kulankhula China itakhala chete ikumvetsera?

Chiphaliwali77
Kumvetsera kapena kusinza? Zimene msonkhano waukulu wavota sizikakamiza aliyense. Mphamvu zili ku Security Council, nthambi ya UN yoona za chitetezo, komwe America, Britain, France, Russia ndi China aliyense payekha akangokana basi nkhani yafera pomwepo. Voti ya Tuvalu ili ngati ya mwana amene wauzidwa kuti kweza dzanja akulu atapangana kale kuseri.

Gogo_Wamakani
Ine ndili kumbali ya mnyamatayu, ngakhale mkamwa mwake muli moto. Aphunzitsi a mbiri, nkhani ya Ethiopia mukuidziwa kuposa ine. Inali membala wa League of Nations, bungwe la mayiko lomwe linalipo UN isanabwere, kuyambira 1923. Italy inailowera mu 1935, ndipo pangano la bungwelo linkanena poyera kuti mamembala azitetezana. Anachitanji? Anaika zilango za zachuma zosakhudza mafuta, chinthu chimene mwina chikanaimitsa nkhondoyo. Mfumu ya Ethiopia, Haile Selassie, inapita yokha ku Geneva mu 1936 kukadandaula, ndipo pasanathe mwezi zilango zija zinachotsedwa. Pepala linalipo, siginecha zinalipo, dziko linapita.

Kadzidzi_Maso
Agogo, mwatenga chitsanzo cha bungwe lomwe linafa kalekale. Nanga Kuwait mu 1990? Iraq inaimeza yonse, UN inalola kuti pagwiritsidwe ntchito mphamvu, mu 1991 dziko linabwerera kwa eni ake.

Gogo_Wamakani
Kuwait ikanakhala kuti imalima mbatata m'malo mopopa mafuta, bwenzi lero ili chigawo cha Iraq. Musandiseketse mwana wanga.

Kadzidzi_Maso
Chabwino, nayi ina yopanda mafuta. Gambia. Pulezidenti Yahya Jammeh anagonja pa chisankho cha Disembala 2016, anavomera, kenako anatembenuka n'kukana kuchoka. ECOWAS, bungwe la mayiko a kumadzulo kwa Africa, inatumiza asilikali mu Januwale 2017, iye anakwera ndege kupita ku Equatorial Guinea, Adama Barrow analowa m'boma. Amene anapulumutsidwa ndi umembala pamenepo si nduna ayi, ndi anthu wamba amene anavota. Ndipo muone kuti Jammeh yemweyo ndi amene anatulutsa dzikolo mu Commonwealth mu 2013. Kawirikawiri mtsogoleri amene amafuula kwambiri kuti mabungwe akutilanda ufulu wodzilamulira, ufulu umene akunena ndi wake woti asafunsidwe mafunso.

Mphunzitsi_wa_Mbiri
Mfundo ya Gambia ndailemba, ndiyo imene adani a ana anga angabwere nayo. Koma mbali yathu bwanji? Ndinamva kuti Switzerland ndi Norway zinakana kulowa m'mabungwe ena ndipo zikukhala bwino.

Wowerengera_Ndalama
Aphunzitsi, samalani nazo zitsanzo ziwirizo, zingawagwetse anawo akakumana ndi mnzawo wowerenga.

Switzerland inakhaladi kunja kwa UN mpaka 2002. Anthu ake anakana pa riferendamu mu 1986, anadzavomera pa ina patapita zaka 16. Mu EU, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, simo mpaka lero. Koma kukhala kunjako si kukhala patchire. Ili ndi mapangano oposa 100 ndi EU, ili mu Schengen moti anthu amadutsa malire ake popanda kuonetsa pasipoti, ili mu EFTA, bungwe la malonda la mayiko a ku Ulaya omwe sali mu EU, kuyambira 1960, ndipo likulu la WTO, bungwe la malonda la dziko lonse, lili mumzinda wake wa Geneva. Ndi munthu wokana kulembetsa dzina pa kaundula koma msonkhano ukuchitikira pabwalo la nyumba yake.

Norway inakana EU kawiri, mu 1972 ndi mu 1994. Koma pofuna kugulitsa katundu wake pamsika wa ku Ulaya inalowa mu EEA, pangano lotsegulira msika wa EU mayiko ena omwe si mamembala, ndipo zotsatira zake n'zakuti imatsatira malamulo ambiri a msikawo, imaperekanso ndalama, koma pamene malamulowo akuvoteredwa ilibe voti. Inasunga nsomba zake ndi ulimi wake, zoona, ndipo kwa iwo zimenezo zinali zazikulu. Komanso musaiwale kuti Norway ili mu NATO, mgwirizano wa zankhondo wa America, Canada ndi mayiko a ku Ulaya, kuyambira 1949, ndipo ili ndi mafuta. Wolemera amasankha khomo loti alowere. Dziko losauka, lopanda doko, silingakopere zimenezo n'kuyembekeza zofanana.

Chiphaliwali77
Ndiye mukuvomereza kuti osauka amalowa chifukwa chosowa pogwira. Si kusankha kumeneko, ndi kukokedwa.

Wowerengera_Ndalama
Pa mabungwe a ndalama ndikuvomerezani theka. Ku IMF kulibe zoti dziko limodzi voti imodzi. Mavoti amatsata gawo la ndalama lomwe dziko linaika. America ili ndi mavoti oposa 16 pa 100 alionse, ndipo zigamulo zikuluzikulu zimafuna 85 pa 100, ndiye werengani nokha amene ali ndi kiyi. Dziko laling'ono limapita kumeneko ndalama zakunja zitatha, ndipo wobwereka sakhala ndi mawu ambiri. Koma funso ndi lakuti, likapanda kukhala membala, tsiku limenelo lipita kwa yani? Kwa mabanki a malonda, omwe chiwongoladzanja chawo n'chokwera, kapena kwa dziko limodzi lalikulu lomwe lidzafune doko kapena mgodi. Kumeneko kulibe ngakhale buku la malamulo loti mungaloze.

Dalaivala_wa_Thiraki
Ine za mavoti sindizidziwa, ndimadziwa za pachipata. Ndayendetsa thiraki zaka zambiri kudutsa malire a mayiko angapo. Ukanyamula katundu ali ndi chikalata chosonyeza kuti wapangidwa m'dziko la membala mnzawo, msonkho umatsika kapena kuchotsedwa kumene. Ukakhala wopanda, konzeka. Komanso inshuwalansi imodzi kumagwira ntchito m'mayiko angapo, zimenezo sizinagwe kumwamba, ena anakhala pansi n'kugwirizana. Koma ndisaname, ndinagonapo masiku anayi pachipata china mapepala onse ali bwinobwino, chifukwa wina wake mu ofesi anati sitampa yanga ndi yakale. Mayiko onse awiri anali m'bungwe limodzi. Zimene amasaina apulezidenti ndi zimene amachita wa pawindo ndi zinthu ziwiri.

NaPhiri_J
Pepani nawo masiku anayiwo adala. Koma pamenepo wolakwa ndi bungwe kapena boma lomwe linasaina osaphunzitsa anthu ake?

Dalaivala_wa_Thiraki
Amayi, ukamagona pansi pa thiraki udzudzu ukukudya sufunsa kuti wolakwa ndani kkkk.

Mpira_Basi
Inu mukuvutikiranji, bungwe lenileni ndi FIFA. Mamembala 211, kuposa UN. Ndipo kumeneko wamng'ono amamenyadi wamkulu. Iceland inachotsa England 2-1 mu 2016 dziko lonse lapansi likuonera.

Kadzidzi_Maso
Mpikisano umenewo unali wa UEFA, bungwe la mpira la ku Ulaya, akulu, osati wa FIFA.

Mpira_Basi
Chigoli ndi chigoli.

Gogo_Wamakani
Mwatulutsa mpira, tsopano tigona pano.

Namondwe_wa_Kunyanja
Ayi agogo, a Mpira atithandiza mosadziwa, chifukwa Iceland inamenyapo Britain pa nkhani yaikulu kuposa mpira, ndipo ikukhudza funso la aphunzitsi mwachindunji.

Pakati pa 1958 ndi 1976 mayiko awiriwa anakangana katatu pa za nsomba. Iceland inkakulitsa dera la nyanja lomwe inkati ndi lake, kuchoka pa mamailo 4 kufika 12, kenako 50, kenako 200. Britain inkatumiza zombo zankhondo kukateteza asodzi ake. Iceland ilibe gulu lankhondo, inali ndi timabwato tochepa tolondera gombe. Inapambana bwanji? Inali membala wa NATO, ndipo pa Keflavik panali malo a asilikali a America omwe ankaonera zombo za Soviet Union. Iceland inaopseza kuti itseka malowo. Mabwenzi a Britain omwe anayamba kuikakamiza kuti igonje, ndipo mu 1976 inavomera mamailo 200. Ikanakhala kunja kwa NATO, ikanaopseza ndi chiyani? Sungaopseze kutuluka m'nyumba imene sunalowemo.

Koma Iceland yomweyo, mabanki ake atagwa mu 2008, inapempha kulowa EU mu 2009, kenako inaimitsa zokambiranazo, ndipo nkhani ya nsomba inali pakati pa zifukwa zake. Ndiye dziko limodzi lomweli linati inde kwina, ayi kwina. Linayang'ana chimene lili nacho chamtengo wapatali, n'kufunsa kuti bungwe ili lichiteteza kapena lichigawa. Mutu umene apatsidwa anawo walakwika pamenepo, ukuika mabungwe onse m'thumba limodzi.

Mphunzitsi_wa_Mbiri
Imeneyi sindinkaidziwa bwino, zikomo kwambiri. Koma mukundiphera mbali yanga anthu inu!

Chiphaliwali77
Ndikupatseni zipolopolo aphunzitsi. Antigua and Barbuda inasumira America ku WTO mu 2003 pa nkhani ya juga ya pa intaneti. Inapambana. Mu 2007 anailola kubwezera mpaka madola 21 miliyoni pa chaka. America sinasinthe malamulo ake monga chigamulo chinafunira, ndipo kachilumbako sikanayerekeze kubwezera, chifukwa ungalange bwanji dziko lomwe alendo ako okaona malo amachokerako? Ndipo kuyambira Disembala 2019 khoti la apilo la WTO silikugwira ntchito chifukwa America inatsekereza kusankha oweruza atsopano. Yachiwiri, Nicaragua inapambana America ku khoti la UN lotchedwa ICJ ku The Hague mu 1986. Nkhani itapita ku Security Council kuti chigamulo chitsatidwe, America inakana, basi. Kupambana mlandu n'kubwerera kunyumba chimanjamanja.

NaPhiri_J
Eee, lero mwawerenga achimwene. Ndimayesa mumangodziwa za ma alawansi.

Chiphaliwali77
Ndimabisa dala.

Wowerengera_Ndalama
Onjezanipo Greece. Italowa mu ndalama ya euro inataya mphamvu yotsitsa ndalama yake zinthu zikathina. Ngongole itaiphulikira mu 2010, obwereketsa ndi amene ankanena za penshoni ndi misonkho. Mu Julayi 2015 anthu oposa 61 pa 100 anavota kukana mfundo za obwereketsawo, ndipo patangotha sabata boma linavomera mfundo zina zowawanso. Ku Cyprus mu 2013 anthu amene anali ndi ndalama zoposa ma euro 100,000 m'mabanki awiri akuluakulu anadulidwa. Kugawana ndalama imodzi ndi ukwati wovuta kuuthetsa kuposa mabungwe ena onsewa, ndipo ine dziko laling'ono ndingaliuze kuti liganize kawiri pamenepo.

Namondwe_wa_Kunyanja
Zoona, komabe kafunseni Estonia. Inayesa kusalowerera mbali iliyonse, mu 1940 Soviet Union inaimeza, inadzapezanso ufulu mu 1991. Anthu ake ndi pafupifupi 1.3 miliyoni. Mu 2004 inalowa NATO ndi EU chaka chimodzi, mu 2011 inatenga euro. Simungawauze anthu amenewo kuti kukhala panokha ndiye ufulu, anakulawa kale. Luxembourg nayo inati ife sitili mbali ya aliyense, Germany inaiponda mu 1914 ndi mu 1940. Nkhondo itatha inakhala m'gulu la mayiko 6 oyambitsa mgwirizano wa malasha ndi zitsulo mu 1951, womwe unadzabala EU. Finland inakhala kunja kwa NATO zaka zonsezi, itaona za Ukraine inalowa mu 2023. Chaona mnzako chapita.

Gogo_Wamakani
Zonsezo n'za ku Ulaya, komwe wamkulu wa m'bungwe ali ndi ndalama zogawa. Bwerani kuno muone Lesotho. Ili mu SACU, mgwirizano wa misonkho ya m'malire womwe unayamba mu 1910, ndipo gawo lalikulu la ndalama za boma lake limachokera mu thumba limenelo. Ndalama yake, loti, inamangiriridwa ku randi. South Africa ikatsokomola, bajeti ya ku Maseru imagona m'chipatala. Ndi ufulu umenewo?

Kadzidzi_Maso
Agogo, Lesotho yazunguliridwa ndi South Africa mbali zonse. Ikatuluka mu SACU mapu asintha? Idzadalirabe South Africa, kungoti popanda pangano lonena kuti gawo lake ndi lingati. Kudalirako kunabwera ndi malo, bungwe linangokulemba papepala.

Onaninso Mali, Burkina Faso ndi Niger. Analengeza mu Januwale 2024 kuti akutuluka mu ECOWAS, ndipo zinatheka patatha chaka. Koma anali atapanga kale mgwirizano wawo wa mayiko atatu. Ngakhale okwiya amene akutuluka, amatuluka atagwirana manja.

Kalaliki_Wopuma
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndiloleni ndiikepo zimene ndinaona ndi maso. Ndinagwirapo ntchito yolemba ndi kusunga mapepala a nthumwi za dziko lina laling'ono pa msonkhano wina waukulu wa zamalonda. Tinalipo anthu atatu, kuphatikizapo ine amene sindinali katswiri wa chilichonse. Mayiko akuluakulu anabwera ndi anthu ochuluka, loya wa ndime iyi, loya wa ndime iyo. Nthawi imodzi pamachitika zokambirana m'zipinda zisanu kapena kuposa. Bwana wanga ankathamanga uku ndi uku ngati wozimitsa moto, ndipo madzulo tinkafunsa nthumwi za mayiko ena kuti m'chipinda chakuti anagwirizana zotani. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Tsiku lomaliza anatipatsa chikalata chamasamba ambirimbiri usiku, m'mawa mwake n'kuvomereza.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kufunsa kuti tilowe kapena tisalowe. Ndimafunsa kuti tikalowa, akakhale pampandopo ndani, ndipo wawerenga? Dziko laling'ono limalowa mabungwe khumi, ndalama zosonkha zimalephereka, ngongole ya umembala imaunjikana. Ku UN dziko losauka kwambiri limasonkha 0.001 pa 100 ya bajeti, koma ukatsalira ndi ngongole yokwana zaka ziwiri amakulanda voti mu msonkhano waukulu. Bola kulowa ochepa n'kuikamo anthu akuthwa amene akhalepo zaka, osati kusintha nthumwi chisankho chilichonse. Tanzania inatuluka mu COMESA mu 2000 n'kutsala mu SADC ndi EAC, bungwe la mayiko a kum'mawa kwa Africa. Kaya inachita bwino kaya ayi, koma inasankha.

Ndipo njira zochepetsera mavutowa zilipo. Commonwealth ili ndi maofesi ku New York ndi ku Geneva omwe mayiko ang'onoang'ono amagawana. Singapore inayambitsa gulu la mayiko ang'onoang'ono ku UN mu 1992 kuti azithandizana. Koma zimafuna boma lodziwa chimene lapitira.

NaPhiri_J
Bambo Kalaliki mwanena zimene ndimalephera kuzifotokoza. Ndipo amene amadziwa chimene apitira amabwerako ndi kanthu. Kazembe wa Malta, Arvid Pardo, analankhula ku UN mu 1967 za chuma cha pansi pa nyanja, ndipo zokambirana zimene zinatsatira zinabala pangano la malamulo a panyanja la 1982. Chifukwa cha lamulo la mamailo 200 la m'panganolo, Kiribati, yomwe mtunda wake ndi pafupifupi ma sikweya kilomita 800 okha, ili ndi nyanja yoposa ma sikweya kilomita 3 miliyoni. Ilibe zombo zankhondo zoti n'kulanda dera lotero, inalipeza ndi pepala. Kenako mayiko 8 a ku Pacific, pansi pa pangano la ku Nauru, anagwirizana zogulitsa masiku osodza tuna pa mtengo umodzi m'malo mopikisana okhaokha, ndipo ndalama zimene amapeza zinakwera kangapo. Nkhanga zinapangana kusanache.

A Chiphaliwali mwatchula milandu imene inapita pachabe, nayi ina. Mauritius inatengera nkhani ya zilumba za Chagos, zomwe Britain inkalamulira, ku UN, ICJ inapereka maganizo ake mu 2019 kuti Britain ichokeko, msonkhano waukulu unavota 116 kwa 6. Britain inanyozera poyamba, koma mu 2025 inasaina pangano lobweza zilumbazo, kupatula kuti malo a asilikali a pa chilumba chimodzi mwa izo, Diego Garcia, idzawabwereka zaka 99. Ndipo aphunzitsi, iyi muwauze ana anu: nkhani imene Vanuatu inatengera ku UN mu 2023, yopempha ICJ kuti inene udindo wa mayiko pa kusintha kwa nyengo, inayambira kwa ophunzira a zamalamulo a ku Pacific.

Chiphaliwali77
Zaka 99. Ndiye mwati abweza?

NaPhiri_J
Popanda UN akanabweza chiyani? Ngakhale kukhala nawo pansi sakanakhala.

Gogo_Wamakani
Ine sindinatembenuke mtima, mundimve bwino. Koma ya tuna ija yandikomera, chifukwa ndi ang'onoang'ono okhaokha amene anapanga chawo, palibe wamkulu anawaitana. Zoterozo ndingasaine. Zolowa m'khola la mikango chifukwa akupatsa mpando wolembedwa dzina lako, ayi.

Mpira_Basi
Greenland inatuluka m'bungwe la ku Ulaya mu 1985 chifukwa cha nsombanso. Mwaona, si mpira wokha umene ndimadziwa.

Kadzidzi_Maso
Greenland ili pansi pa Denmark akulu, ndipo Denmark ikadali momwemo. Koma ya 1985 mwalasa, tikuombereni m'manja.

Mphunzitsi_wa_Mbiri
Zikomo nonse, ndadzaza masamba anayi. Ana anga ndiwapatsa Ethiopia, Antigua, Nicaragua ndi Greece, ndipo ndiwachenjeza kuti asatchule Switzerland pokhapokha atakonzeka kuyankha za mapangano 100 aja. Ya Iceland ndi Gambia ndiwauza kuti aziyembekezere kuchokera kwa anzawo. Bambo Kalaliki, mungalole kuti nkhani yanu ya anthu atatu ija aifotokoze, osatchula dzina?

Kalaliki_Wopuma
Aifotokoze, palibe vuto. Koma awuzeni kuti ingathe kuwatembenukira, chifukwa mnzawo wochenjera adzangoti vuto linali kuchepa kwa nthumwi, osati umembala.

Chiphaliwali77
Akatero anawo adzafunse kuti ndalama zotumizira nthumwi makumi atatu zichokera kuti. Mtsutsowo uli liti aphunzitsi? Mudzatiuze zotsatira.

Mphunzitsi_wa_Mbiri
Loweruka likubwerali. A Dalaivala, ngati muli pafupi ndi foni, ndikufunseni pambali za chikalata cha katundu chija, ana andifunsa kuti amachipereka ndani.

Dalaivala_wa_Thiraki
Ndili pamzere pachipata, nthawi ndili nayo yambiri. Funsani.